Mafunso a Okayika pa Malembo ndi Masiku Opatulika m'Makomboni a ku Mutorashanga

Tauni ya Mutorashanga, imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kumpoto kwa Harare m'chigawo cha Mashonaland West, inakula chifukwa cha kromu, mwala umene amausungunula popanga chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo mwalawu umakumbidwa m'mapiri a Great Dyke amene anadutsa pakati pa dziko la Zimbabwe kwa makilomita oposa 500. Mbali zonse ziwiri za mapiriwa kunali mafamu akuluakulu a azungu olima fodya ndi chimanga, cha ku Raffingora, Banket ndi Mvurwi, ndipo popeza Ashona ambiri sankafuna kusiya minda yawo chifukwa cha malipiro ochepa, eni migodi ndi eni mafamu ankadalira amuna ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata. Ena ankabwera wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera m'bungwe lolemba anthu ntchito limene ankalitcha Mthandizi, ndipo ambiri anatchona, kotero kuti Chichewa chikumvekabe m'makomboni a kumeneko mpaka lero. M'komboni yotere Myao wa Chisilamu wosunga Lachisanu, wa Sabata wosunga Loweruka, Mkatolika kapena wa CCAP wosunga Lamulungu, wa Chitawala wokana Khirisimasi ndiponso mwini Gule Wamkulu ankatunga madzi pa mpope umodzi, pamene Ashona oyandikana nawo ankasunga chisi, tsiku limene mfumu imaletsa kugwira khasu polemekeza mizimu ya eni nthaka. Pamalo otere funso lakuti anapatula tsiku ili ndani, nanga ndi buku liti limene lili ndi mphamvu yolamula anthu, linkabadwa lokha mlungu ndi mlungu, popanda wophunzira wa ku Ulaya wolibweretsa.

Wokayika, m'nkhani ino, ndi munthu amene savomera mfundo chifukwa chakuti wanena ndi wamkulu kapena chifukwa yalembedwa m'buku lolemekezeka, koma amayamba wafunsa umboni wake. Iye angathe kukhala wosakhulupirira Mulungu n'komwe, monga a bungwe la Association for Secular Humanism limene George Thindwa analitsogolera ku Malawi, koma kawirikawiri amakhala munthu wopemphera amene wawerenga Baibulo mofatsa kuposa anzake ndipo wapeza malo amene nkhani sizikugwirizana. Malembo amene amawafufuzawo ndi a Ayuda, amene eni ake amawatcha Tanakh ndipo Akhristu amawatcha Chipangano Chakale, omwe mutu wake ndi Torah, kutanthauza mabuku asanu oyambira pa Genesis kulekezera pa Deuteronomo, pamodzi ndi Chipangano Chatsopano chimene ndi cha Akhristu okha.

Mlandu wotchuka kwambiri wa kukayika kotere m'zaka za m'ma 1800 unayambira kuno kummwera kwa Africa, ndipo anauyambitsa ndi munthu wakuda. John William Colenso, amene anali bishopu wa mpingo wa Anglican ku Natal kuyambira 1853, ankamasulira Baibulo m'Chizulu mothandizana ndi William Ngidi, ndipo atafika pa nkhani ya chigumula cha Nowa, Ngidi anafunsa ngati bishopuyo ankakhulupiriradi kuti nyama zonse za dziko lapansi, za kotentha ndi za kozizira, zinalowa m'chingalawa chimodzi ndi kupezamo chakudya. Colenso, amene anali katswiri wa masamu ndipo ankadziwa zimene ofufuza miyala anali atapeza, anaona kuti kuyankha inde kukanakhala kunama, choncho mu 1862 anatulutsa gawo loyamba la buku lake lotchedwa The Pentateuch and Book of Joshua Critically Examined. M'bukumo anagwira ziwerengero monga mmene mlembi wa pa mgodi amagwirira kaundula wa antchito: ngati amuna amene anatuluka mu Ejipito anali 600,000, monga anenera Eksodo 12:37, ndiye kuti pamodzi ndi akazi ndi ana khamulo linaposa anthu 2 miliyoni, ndipo iye anafunsa kuti madzi a anthu ndi ziweto zawo anachokera kuti m'chipululu, kuti anasonkhana bwanji onse pakhomo la chihema chimodzi, ndiponso kuti ansembe atatu okha, Aroni ndi ana ake awiri, anakwanitsa bwanji nsembe za mtundu wonse. Bishopu Robert Gray wa ku Cape Town anagamula mu 1863 kuti Colenso achoke pa udindo, koma bwalo la Privy Council ku London linathetsa chigamulocho mu 1865.

Mafunso a Ngidi anagwera pa nthaka imene ena anali atailima kale, ndipo oyamba kuilima anali Ayuda eni ake. Abraham ibn Ezra, mphunzitsi wa Chiyuda wa m'zaka za m'ma 1100, anasonyeza mophiphiritsa kuti ndime zina za Torah sizikanalembedwa ndi Mose, ndipo Baruch Spinoza wa ku Amsterdam ananena zomwezo poyera mu 1670. Umboni wake aliyense angauone m'Buku Lopatulika la m'nyumba mwake: Deuteronomo 34 amafotokoza imfa ya Mose ndi kuikidwa kwake, mu Genesis 1 nyama zikulengedwa munthu asanalengedwe, pamene mu Genesis 2 mwamuna akuumbidwa poyamba ndipo nyama zikubwera pambuyo, mu Genesis 6 Nowa akuuzidwa kutenga nyama ziwiriziwiri, pamene mu Genesis 7 nyama zodyedwa zikulowa zisanu ndi ziwiri. Julius Wellhausen wa ku Germany anasonkhanitsa umboni wotere m'buku la mu 1878 ndi kunena kuti Torah inalukidwa kuchokera m'zolemba zinayi za mibadwo yosiyana, ndipo ngakhale akatswiri a lero amatsutsana pa chiwerengero ndi zaka za zolembazo, ndi ochepa amene amanenabe kuti munthu mmodzi analemba zonse. Ofukula zakale nawo sanapeze m'chipululu cha Sinai zizindikiro za khamu la mamiliyoni, ngakhale kuti mwala wa Farao Merneptah, wa cha m'ma 1208 BC, umatchula dzina la Israele pakati pa anthu a ku Kanani, chimene chikusonyeza kuti mtunduwo unalipodi pa nthawiyo.

Zikondwerero za Ayuda nazo zinafufuzidwa mofananamo. Akatswiri ambiri amaganiza kuti Pasaka anaphatikiza miyambo iwiri yakale, wa abusa wopha mwana wa nkhosa ndi wa alimi wodya mkate wopanda chotupitsa poyamba kukolola barele, ndipo kuti nkhani ya kutuluka mu Ejipito ndiyo inamanga miyambo iwiriyi pamodzi. Purimu, chikondwerero chokumbukira kupulumuka kwa Ayuda ku Perisiya, chimachokera m'buku la Estere, limene m'Chihebri silitchula Mulungu ngakhale kamodzi, limene silinapezeke pakati pa mipukutu yakale ya Ayuda yopezeka ku Qumran, ndiponso limene mfumukazi yake sidziwika m'zolemba za Aperisiya. Hanukkah amakumbukira chinthu chodziwika bwino m'mbiri, kupatulidwanso kwa Kachisi wa ku Yerusalemu mu 164 BC, koma nkhani yotchuka ya mafuta ochepa amene anayaka masiku asanu ndi atatu mulibe m'mabuku a Amakabeo, ndipo imapezeka m'Talmud, mabuku a ziphunzitso za arabi, aphunzitsi a Chiyuda, amene analembedwa patapita zaka mazana angapo.

Pa Khirisimasi ndi pamene wokayika amaima pa mwala wolimba. Chipangano Chatsopano sichitchula tsiku kapena mwezi umene Yesu anabadwa, ndipo sichilamula kuti kubadwako kuzikumbukiridwa. Mateyu amaika kubadwako m'masiku a Herode Wamkulu, amene anamwalira mu 4 BC, pamene Luka amakulumikiza ndi kalembera wa Kureniyo, amene wolemba mbiri wa Chiyuda Josephus amamuika mu AD 6, ndipo kusiyana kwa zaka pafupifupi khumi kumeneku kwavutitsa omasulira Baibulo kwa mibadwo yambiri. Tsiku la 25 December limaoneka koyamba m'kalendala ya ku Roma ya mu AD 354, imene ikusonyeza kuti mwambowu unalipo cha mu 336. Ena amati mpingo unalanda chikondwerero cha mulungu wa dzuwa, amene mfumu Aurelian anamumangira kachisi mu 274, pamene ena amati Akhristu anawerengera miyezi isanu ndi inayi kuchokera pa 25 March, tsiku limene ankakhulupirira kuti Yesu anaikidwa m'mimba ndiponso anafa. Mkanganowu sunathe, koma mbali zonse ziwiri zimavomereza kuti tsikulo linasankhidwa ndi mpingo. Mfundo imene Amalawi ambiri saidziwa ndi yakuti makolo a mipingo yawo anakayikiranso chimodzimodzi: nyumba ya malamulo ya ku England inaletsa Khirisimasi mu 1647, ndipo ku Scotland, kwawo kwa amishoni a Blantyre ndi Livingstonia, tsikuli linakhala holide ya dziko lonse mu 1958.

Nkhani ya Pasaka wa Akhristu ndi ya Lamulungu ndi yolukanalukana kuposa pamenepa. Marko amasonyeza kuti mgonero womaliza unali chakudya cha Pasaka, pamene Yohane amasonyeza kuti Yesu anapachikidwa pa tsiku lokonzekera, chakudyacho chisanadyedwe. Mipingo ya ku Asia Minor inkasunga chikondwererochi pa 14 mwezi wa Nisani pamodzi ndi Ayuda, mipingo ina inkadikira Lamulungu, ndipo msonkhano wa ku Nicaea wa mu 325 ndiwo unalamula kuti onse azisunga tsiku limodzi osatsata kawerengedwe ka Ayuda. Mu 321 mfumu Constantine analamula kuti a m'mizinda azipumula pa tsiku la dzuwa, koma analola alimi kupitiriza ntchito ya m'munda kuopa kutaya nyengo yabwino. A Sabata ena amanena kuti Constantine ndiye anayambitsa kupemphera Lamulungu, koma apa umboni suli kumbali yawo, pakuti Justin Martyr, polemba cha m'ma AD 150, anafotokoza kale za Akhristu osonkhana pa tsikuli. Chimene Constantine anachita ndi kuliika m'malamulo a boma.

Mfundo zimenezi zinafika m'makomboni a ku Rhodesia, Zimbabwe wa lero, m'mitolo ya Anyasa. Joseph Booth, amene anafika ku Nyasaland mu 1892, anayamba kusunga Loweruka ndipo anatsegula mishoni ya Plainfield ku Thyolo, imene a Seventh-day Adventist anaigula mu 1902 ndipo pambuyo pake inatchedwa Malamulo. Elliot Kamwana, Mtonga wophunzira ku Bandawe ndi ku Livingstonia, anabwera ndi mabuku a Watch Tower mu 1908 ndi kubatiza anthu oposa 9,000 m'miyezi yochepa, ambiri mwa iwo atatopa ndi zaka za kalasi zimene amishoni ankafuna munthu asanabatizidwe, mpaka boma linamuchotsa m'dziko mu 1909. Charles Domingo, amene anachoka ku Livingstonia ndi kutsogolera mipingo ya Sabata ku Mzimba, ankalemba kuti amishoni, boma ndi makampani ankayang'ana munthu wakuda ndi diso limodzi lonyoza. Otsatira anthu amenewa ndiwo anali makalaliki, akapitawo ndi ophika m'migodi ya ku Rhodesia, ndipo m'zaka za m'ma 1920 Chitawala, chiphunzitso cha Watch Tower chija, chinafalikira m'boma la Lomagundi, limene likulu lake linali Sinoia, Chinhoyi wa lero, ndi kulowa ngakhale m'midzi ya Ashona. Gulu la Watch Tower la ku America linasiya Khirisimasi chakumapeto kwa zaka zomwezo, ndipo linatenga dzina la Mboni za Yehova mu 1931. Mbali inayo, mpingo wa Dutch Reformed unatumiza mbusa T.C.B. Vlok ku Salisbury, Harare wa lero, mu 1912 kuti aziweta Anyasa, ntchito imene inabala Sinodi ya Harare ya CCAP, ndipo Buku Lopatulika, limene William Murray ndi anzake anamaliza kumasulira, linatuluka lathunthu mu 1922. Motero mbali zonse zinali ndi buku limodzi m'manja, ndipo mtsutso unkachitika potchula chaputala ndi ndime.

Komatu chimene chinanola mafunsowa kwambiri ndi ntchito. Ku Mutorashanga kromu amapezeka m'mizere yopyapyala, kotero kuti wokumba amagwira ntchito atagwada kapena atagona chammbali, ndipo m'masiku a atsamunda malipiro ankawerengedwa pa tikiti ya masiku 30 ogwira ntchito, kutanthauza kuti tsiku lopuma linali tsiku losadindidwa, lotalikitsa mwezi. Wa Sabata amene anakana kulowa mumgodi Loweruka ankaika ntchito yake pachiswe, pamene mnzake wa Lamulungu ankapuma mwalamulo, ndipo sizinali zovuta kuona kuti tsiku lopatulika la bwana ndilo linali ndi mphamvu. Pa famu ya fodya zinthu zinkaonekera poyera kwambiri. Khirisimasi imagwa pakati pa dzinja, pamene fodya woyambirira akuthyoledwa ndipo mabalani akufuka. Fodya akalowa m'balani amafuna moto wosazima pafupifupi mlungu wathunthu, ndipo munthu wosonkhezera amayenera kudzuka usiku kuponya nkhuni m'ng'anjo ndi kuyang'ana kutentha, chifukwa moto ukachepa kapena ukapyola tsamba limawonongeka. Moto umenewo sunkazima chifukwa cha Lamulungu kapena Khirisimasi. Wantchito wodziwa kuwerenga ankatha kuona kuti lamulo la Sabata pa Eksodo 20 ndi pa Deuteronomo 5 limatchula wantchito, mlendo ndi chiweto pakati pa oyenera kupuma, ndiponso kuti mabuku awiriwa amapereka zifukwa zosiyana, loyamba kulengedwa kwa dziko, lachiwiri ukapolo wa ku Ejipito. Pamene mlaliki ankasankha Aefeso 6, wolangiza akapolo kumvera ambuye awo, kapena pamene temberero la Kanani pa Genesis 9 linkakhotetsedwa kuti ligwere anthu akuda, wokayika anali ndi chifukwa chokwanira chofunsira kuti bukuli likutumikira yani.

Yankho lina linachokera kudambwe. Gule Wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, anayenda ndi Achewa mpaka m'migodi ndi m'mafamu, ndipo pakati pa zilombo zake pali Maliya, Simoni ndi Yosefe, zimene ofufuza monga Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden anazifotokoza kuti zinakula pa nthawi imene eni gule ankalimbana ndi amishoni. Kumeneku kunali kutsutsa kopanda buku, kotenga anthu opatulika a mishoni ndi kuwavinitsa pabwalo la makolo, ndipo mipingo inabwezera podula aliyense wopezeka kudambwe. Pakati pa Ashona, Johane Masowe, amene anayamba kulalikira mu 1932 pafupi ndi Norton, anaphunzitsa poyamba kuti Baibulo ndi buku la azungu, ndipo kufikira lero nthambi ya otsatira ake yotchedwa Masowe weChishanu imapemphera Lachisanu, pabwalo, popanda Baibulo, ponena kuti Mzimu amalankhula nawo mwachindunji, monga anafotokozera Matthew Engelke m'buku la mu 2007. Ndipo mu 1991 Canaan Banana, mbusa wa Methodist amene anali pulezidenti woyamba wa Zimbabwe kuyambira 1980 mpaka 1987, anadzidzimutsa mipingo ponena kuti Baibulo lilembedwenso, zichotsedwe ndime zimene zimakweza mtundu umodzi pamwamba pa ina ndipo ziwonjezedwe mbiri za mitundu ina. Mayankho a akatswiri anasindikizidwa mu 1993 ndi Mambo Press ya ku Gweru.

Si zonse zimene okayika amanena zili ndi umboni, ndipo apa mpofunika kunena mosabisa. Mauthenga amene amayenda pa WhatsApp, onena kuti Pasaka ndi chikondwerero cha mulungu wamkazi wa ku Babulo kapena kuti mbiri ya Yesu inakopedwa kwa Horus wa ku Ejipito, alibe maziko m'zolemba zakale, ndipo ambiri mwa iwo amatsata njira ya buku la Alexander Hislop, mbusa wa ku Scotland wa m'zaka za m'ma 1850, limene akatswiri a mbiri analikana kalekale. Kuwonjezera apo, kudziwa kuti tsiku linasankhidwa ndi anthu sikutsimikizira kuti tsikulo ndi lachabe, pakuti tsiku la 3 March, lokumbukira amene anafera ufulu wa Malawi mu 1959, nalonso linapatulidwa ndi anthu ndipo palibe amene amalinyoza chifukwa cha chimenecho. Choopsa kwambiri ndi pamene kufufuza malembo a Ayuda kusanduka chidani pa Ayuda eni ake, njira imene ku Ulaya inathera m'kuphedwa kwa anthu 6 miliyoni. Koma mipingo nayo ili ndi mlandu wake. Zambiri zimene zafotokozedwa pamwambazi zimaphunzitsidwa m'makoleji a ubusa ndi m'mayunivesite a ku Zomba ndi ku Harare, ndipo Mpingo wa Katolika unavomereza kufufuza malembo mwa njira ya mbiri m'kalata ya Papa Pius XII ya mu 1943, komabe mbusa amene anaphunzira zimenezi kawirikawiri sazitchula paguwa, kotero kuti mnyamata amene wazipeza yekha pa foni amaganiza kuti watulukira chinsinsi chimene ankamubisira, ndipo akafunsa amayankhidwa kuti wagwidwa ndi mzimu woipa. Yankho lotere ndi lopanda chilungamo kwa munthu amene cholakwa chake n'kuwerenga.

Funso lolemera kuposa onse kwa ana a matchona likukhudza nthaka. Buku la Yoswa limafotokoza za mtundu umene unalanda dziko la ena polamulidwa ndi Mulungu, ndipo ofukula zakale ambiri amakayikira kuti zinachitika monga zalembedwera, popeza mizinda ngati Yeriko ndi Ai ikuoneka kuti inali mabwinja kapena midzi yaing'ono pa nthawi imene ikuganiziridwayo. Ngakhale zili choncho, nkhaniyi inagwira ntchito yaikulu: Maburu anadziona ngati Israele wolowa m'Kanani ndipo anapatula 16 December pokumbukira nkhondo ya ku Blood River ya mu 1838, pamene omenyera ufulu anawerenga Eksodo ngati mbiri yawoyawo. Wantchito wa pa famu wochokera ku Dedza kapena ku Angonia analibe malo m'mawerengedwe onse awiri, ndipo amene amafanana naye kwambiri ndi Agibeoni a pa Yoswa 9, anthu a mtundu wina amene analoledwa kukhala ndi moyo kuti azitema nkhuni ndi kutunga madzi. Pamene mafamu analandidwa kuyambira mu 2000, antchito zikwizikwi anataya ntchito ndi nyumba nthawi imodzi, ochepa kwambiri ndiwo anapatsidwako minda, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 linachititsa ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo kulembedwa kuti ndi alendo, kufikira malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 anawabwezera unzika ndi kuika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Baibulo lomwelo limene limasimba za kulanda dziko limalamulanso pa Levitiko 19 kuti mlendo wokhala pakati pa Aisraele asazunzidwe koma atengedwe ngati mbadwa, ndipo pa Levitiko 25 limanena kuti nthaka isagulitsidwe kotheratu chifukwa mwini wake ndi Mulungu. Wokayika amaona m'ndime zimenezi umboni wakuti bukuli lili ndi mawu a anthu ambiri otsutsana, pamene wokhulupirira amaonamo chiweruzo pa eni mafamu akale ndi atsopano omwe, ndipo m'madera ozungulira Mutorashanga, mmene mabanja ambiri a Achewa akukhalabe m'nyumba za kampani kapena m'makomboni a mafamu amene si awo, anthu awiriwa nthawi zambiri amakhala a banja limodzi.